Tengani pulogalamu kwa eni ake: zimene zinayankhulidwa pa msonkhano wa achinyamata ophunzira kulemba khodi

Zikomo a wapampando. Makolo, zikomo pobwera, chifukwa malaputopu tikukamba panowa ambiri munagula ndinu, ena munachita kugulitsa mbuzi. Anyamata akumbuyoko, mafoni alowe kaye m'thumba.

Za sabata yathayi ambiri mwazimva. Dzina sinditchula, mwiniwake ali pompano ndipo wandilola kufotokoza. Ankafuna pulogalamu yolembera khodi, ija yogulitsa. Mnzake anamuponyera linki pa WhatsApp, akuti iyi ndi yothyola kale, sulipira kanthu. M'katimo munali kafayilo ka malangizo, mzere woyamba ukuti zimitsa kaye Windows Defender, chitetezo cha kompyuta ku tizilombo. Iye n'kuzimitsadi. Kutacha, asayimenti, CV, zithunzi za ukwati wa mlongo wake, palibe chotseguka. M'mafoda muli kakalata kotchedwa _readme.txt, kakuti kuti mafayilo atseguke lipira madola 980, koma ukafulumira pasanathe maola 72 tikuchotsera theka, upereke 490. Mbala yodziwa kutsitsa mtengo! (kuseka) Sekani, koma zithunzi zija sitinazipezenso. Laputopu tinachita kuipukuta yonse.

Chimene chinandiwawa n'chakuti zonse ankazisowazo zilipo zaulere. Python, chilankhulo cholembera khodi, ndi yaulere, anaitulutsa Guido van Rossum kalekale mu 1991. Visual Studio Code, yolembera khodiyo, ndi ya Microsoft koma salipiritsa. Git, imene Linus Torvalds anapanga mu 2005 yosungira mbiri ya khodi yanu, ndi yaulere. Node.js, yogwiritsa ntchito popanga mawebusaiti, chimodzimodzi. Mwana walowera pawindo n'kudzicheka ndi galasi, chitseko chili chitsegukire.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi: tengani pulogalamu kwa eni ake. Python ku python.org, Git ku git-scm.com, Node.js ku nodejs.org, Visual Studio Code ku code.visualstudio.com. Adiresiyo muzilemba nokha pamwamba paja. Chizolowezi chanu chongofufuza pa Google n'kudina chimene chabwera koyambirira chisiyeni, poti zoyambirirazo nthawi zina zimakhala zotsatsa malonda, ndipo akuba nawo amalipira kuti aoneke pamwamba. Komanso pulogalamu iliyonse yokuuzani kuti muzimitse chitetezo, ameneyo ndi mlendo wofika usiku n'kunena kuti mangani kaye galu ndisanalowe. Inu mungamange?

Musaganize kuti ine sindinapusepo. Nditangoyamba kumene ndinasokoneza Visual Studio ndi Visual Studio Code. Mayina ngofanana, koma woyambayo ndi chimphona cha magigabaiti angapo, pamene winayo ndi mamegabaiti cha m'ma 100 basi. Ndinagula bandulo ya usiku, n'kukhala maso mpaka tambala woyamba, bandulo n'kutha chinthu chisanafike ndi theka lomwe. Mkazi wanga mpaka lero amandikumbutsa. Werengani dzina ndi kukula kwa fayilo musanadine.

Ndiponso dziwani laputopu yanu. Ambirife tili ndi zogwiritsidwa kale ntchito, zochokera ku Joni kapena kwa abale a kunja. Ngati muli Windows 7, Python yomaliza kugwira mmenemo ndi 3.8, zatsopano zimakana. Windows 10 nayo Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Lowani mu Settings, System, About, muone ngati makina anu ndi a 64-bit kapena 32-bit, kuti mutenge fayilo yoyenera. Eee, achimwene, mwakweza dzanja?

(Mnyamata wina: Aphunzitsi, data ndi yodula. Nanga kungokopera pa fulashi ya mnzathu n'kulakwa?)

Funso labwino, ndipo ndi la tonse muno. Si kulakwa ayi. Fayilo yoikira Python ndi mamegabaiti osapitirira 30, ndipo palibe chifukwa choti anthu 20 aliyense awononge bandulo yake pa chinthu chimodzimodzi. Mmodzi adawunilode, enanu mukopere. Koma funsani kuti mnzanuyo anaitenga kuti. Akati "inenso anangondipatsa," muisiye. Ndikuuzeni zimene zinachitika ku China mu 2015. Olemba mapulogalamu a iPhone amagwiritsa ntchito chida cha Apple chotchedwa Xcode. N'chachikulu, ndipo kumeneko kuchidawuniloda kwa eni ake kunkachedwa, ndiye ena ankachitenga pa malo ena apafupi ofulumira. Osadziwa kuti wina wachithira kachilombo. Pulogalamu iliyonse imene anaimanga ndi chida chimenecho inatuluka ndi kachilomboko, mpaka WeChat yeniyeniyo, imene ili ngati WhatsApp ya kumeneko, inakhudzidwa. Anakatcha XcodeGhost. Amenewo anali akatswiri olipidwa, ndipo chimene chinawagwetsa ndi chomwechi mwafunsachi, intaneti yovuta. Mwaona kusiyana kwake? Wina akaika gemu yoipa amadzipweteka yekha. Inu chida chanu chikadwala, mupatsira aliyense amene mudzamupangire pulogalamu, kaya ndi sukulu, kaya ndi gulu la banki m'khonde la amayi anu.

Ndiye fayilo ya pa fulashi muziiyeza. Dinani kumanja pa fayiloyo, Properties, kenako Digital Signatures. Ya Python pazioneka Python Software Foundation, ya Visual Studio Code pazioneka Microsoft Corporation. Pakapanda siginecha, kapena pakakhala dzina lachilendo, musaitsegule. Fulashiyo muisikane kaye, mukudziwa tizilombo tija timasandutsa mafoda kukhala mashotikati tikachoka kosindikizitsa mapepala. Ndipo muzikopera fayilo yoikira, osati foda ya pulogalamu yoikidwa kale mu laputopu ya mnzanu. Ambiri mumatero kenako n'kumandiimbira usiku kuti sikutseguka. Ngakhale zidutse pa fulashi, gwero likhale eni ake.

Ndaona ena ayamba kuyasamula, ndipo amayi akuyang'ana dzuwa. Ndithamange. Laputopu ikhale ndi moto wokwanira, magetsi angathime muli pakati. Mukatsegula choikira Python, pansi pali kabokosi kolembedwa Add python.exe to PATH. Chongani! Mukaiwala, kompyuta idzakuuzani kuti Python sikuidziwa, kapena idzakutsegulirani Microsoft Store, inu n'kumati yawonongeka. Mukamaliza tsegulani Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta, lembani python --version, pabwere 3 ndi manambala ena. Phunziro la pa YouTube likamakuuzani za Python 2 lisiyeni, imeneyo inatha pa 1 Januwale 2020. Kenako Visual Studio Code, kenako Git, Node.js pokhapokha ngati mukupanga mawebusaiti, ndipo musankhe yolembedwa LTS, imene eni ake amaisamalira nthawi yaitali. Poika zowonjezera za Python ndi chida chake chotchedwa pip, onetsetsani kalembedwe chilembo ndi chilembo. Pali yeniyeni yotchedwa colorama, wina anaikapo yabodza colourama, kungowonjezera u, ndipo inali yobera anthu Bitcoin. Ntchito yanu muzisunga pawiri, pa GitHub, malo a pa intaneti osungirapo khodi, ndi pa fulashi imene simuisiya chilumikizire.

Loweruka 9 koloko ndibwera ndi fulashi yanga, zonse zinayi nditazitenga kwa eni ake. Bwerani ndi malaputopu ndi machaja, wina atibwerekeko ekisitenshoni poti soketi muno ndi imodzi. A wapampando, ndabweza kwa inu.