Makalata a omvera: nkhonya yomwe si nkhonya

Takulandirani omvera nonse. Sabata ino makalata atatu afika akufunsa za mawu amodzi a Chingerezi, punch, ndiye tangowaika pamodzi.

Yoyamba yachokera kwa achimwene athu ena amene akugwira ntchito pafakitale ku Johannesburg. Akuti: "Tsiku loyamba kapitawo anandiuza kuti don't forget to punch in. Ine punch ndimadziwa kuti ndi nkhonya. Ndinangoti kakasi, kuganiza kuti mwina kuno munthu amayamba wamenya kanthu asanalowe."

Achimwene, pepani kuti taseka muno mu situdiyo, koma simunalakwe. Punch ndi nkhonyadi, komanso ndi kuboola. Kachitsulo kamene alembi amabowolera mapepala asanawaike mu fayilo dzina lake ndi punch. Kale m'mafakitale munali wotchi yaikulu pakhomo. Wantchito akafika ankalowetsamo khadi lake, makinawo n'kudinda kapena kuboola posonyeza nthawi. Kulowa kunali punch in, kuweruka punch out. Lero ambiri amangoika chala pagalasi, palibe choboola, koma mawuwo anatsala. Ndiye musamenye munthu, mungatichititse manyazi kumeneko.

Yachiwiri yalembedwa ndi mtsikana wa Fomu 4 ku Dedza. Akuti anawerenga m'nyuzipepala kuti timu ya Queens imachita punch above its weight, ndipo akufunsa: "Kodi netiboli mumalowa bwanji nkhonya ndi kulemera kwa thupi?"

Funso labwino, mwanangu, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Pamasewero a nkhonya anthu samangomenyana chisawawa. Amayamba akwera pasikelo, ndipo aliyense amakumana ndi mnzake wa gulu lake. Isaac Chilemba, mwana wa kwathu amene anamenyana ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016 mpaka kumaliza zigawo zonse 12, anali m'gulu la light heavyweight, limene malire ake ndi makilogalamu 79 ndi pang'ono. Tsono munthu wopepuka akamagwetsa anthu olemera kumuposa, ndiye kuti akuchita punch above his weight. Mawuwa anatuluka m'bwalo la nkhonya n'kulowa paliponse pamene wamng'ono akuchita zimene timayembekezera kwa akuluakulu. Kumbukira 2018 pamasewero a Commonwealth ku Gold Coast, pamene Queens inagonjetsa New Zealand 57 kwa 53. Dziko limene lili ndi mabwalo, ndalama ndi aphunzitsi ochuluka linagwa pamaso pa atsikana amene ambiri anaphunzirira mpira pafumbi. Wolemba nyuzipepalayo ankanena zimenezo.

Popeza mayeso ayandikira, ndikuwonjezere ena ochokera m'bwalo lomwelo. Wankhonya akamamenya mobweza dzanja kuti asapweteke mnzake, amati akuchita pull his punches. Choncho ukamva kuti she didn't pull any punches, ndiye kuti mayiyo analankhula mosapsatira, mosanyengerera. Palinso roll with the punches. Wankhonya wochenjera salimbitsa khosi nkhonya ikamabwera, amapendekera komwe ikupita kuti mphamvu yake ichepe. Muhammad Ali anachita zotere ku Kinshasa mu 1974: anatsamira zingwe, George Foreman n'kumangoponya mpaka kutopa, kenako Ali anamugwetsa m'chigawo cha 8. Munthu amene mavuto akamugwera amapirira n'kusintha njira mosataya mtima, ndi amene amanenedwa choncho. Ineyo pa onsewa ndimakonda amenewa, chifukwa ukaonera nkhonya kamodzi kokha sufunanso wokutanthauzira.

Punchline ndi mawu otsiriza a nthabwala, aja amene amagwetsa anthu ndi phwete. Basi, palibe zambiri.

Kalata yachitatu ndi ya mayi ena a ku Nkhotakota amene anakacheza kwa mwana wawo ku London. Akuti paphwando anawafunsa ngati angafune punch, iwo n'kukana mwaulemu, koma anaona anzawo akutunga chakumwa chofiira m'mbale yaikulu yagalasi.

Amayi, munakana chakumwa. Punch ameneyu sagwirizana konse ndi nkhonya. Ndi mawu ena amene anangofanana kamvekedwe. Ndi madzi a zipatso osakaniza ndi shuga, nthawi zina amathiramo mowa. Angerezi anachidziwira ku India m'zaka za m'ma 1600, ndipo ambiri amati dzinali linachokera ku mawu a Chihindi akuti panch, kutanthauza zisanu, chifukwa ankasakaniza zinthu zisanu: mowa, shuga, mandimu, madzi ndi zonunkhiritsa. Ulendo wina mukapitanso, ingofunsani kaye ngati muli mowa, makamaka ngati ndinu a Mvano, kenako landirani tambula.

Ndipo mwana wanuyo akadzakuuzani kuti he is as pleased as Punch poona mwafika, musadabwe ndi P wamkuluyo. Ameneyo ndi Punch winanso, chidole cha mphuno yokhota cha m'zisudzo za ana ku England, chimene chinachokera ku Italy ndipo chimasekerera chilichonse chimene chachita. Akutanthauza kuti wakondwa kwabasi.

Nthawi yatithera. Kalata ya aphunzitsi a ku Mulanje yofunsa za mawu akuti kick tiiwerenga sabata yamawa.