Voisi kwa mphwanga: ukafuna kuyamba kugulitsa ma domain

Eya mphwanga, voisi yako ija ndaimva, ndinali mu minibasi ndiye sindikanatha kuyankha, pano ndakhala pansi tamvera bwinobwino. Zoti uyambe kugulitsa ma domain, mayina aja a mawebusayiti pa intaneti, ndagwirizana nazo, popeza anthu ukuwapangira kale mawebusayiti, kumawauza kuti akagule okha dzina kwina ndi kutaya kasitomala dala.

Choyamba udziwe kuti iwe ukhala pati. Pamwamba penipeni pali ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti padziko lonse, ndi amene amaika malamulo. Pansi pawo pali ma registry, eni kaundula, monga .com ndi .net amayendetsa ndi a Verisign. Kenako ma registrar, amene ICANN inawapatsa chilolezo chogulitsa, ndiye iwe ukubwera pansi pa amenewowo ngati reseller. Zokhala registrar wekha usaziganize panopa, kungofunsira kokha ndi madola 3,500, kenako 4,000 chaka chilichonse, osawerengera zina. Iwe ungotsegula akaunti ya reseller kwa ResellerClub, kapena OpenSRS ya a Tucows, kapena Enom, uwerenge mitengo yawo ufananize. Ndipo usamangoona mtengo wa chaka choyamba ayi, uone wa renewal, wolipira kuti domain ipitirire nthawi yake ikatha, chifukwa pamenepo ndi pamene pali nkhani.

Kayendedwe kake ndi chimodzimodzi ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money. Umaika kaye float mu akaunti, kasitomala akafuna dzina umalembetsa, a registrar amadula pa float ija. Float ikatha palibe chimene chingadutse, ngakhale renewal. Kusiyana kwake nkwakuti float yako ili m'madola, umalipira ndi khadi ya Visa, pomwe kasitomala akukupatsa makwacha. Apa ndiye uchenjere kwambiri mphwanga. Ukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Amene analonjeza makasitomala mtengo wa chaka chamawa analipira za m'thumba mwawo. Ndiye pa kotesheni uzilemba kuti mtengo uwu ndi wa chaka chino chokha, wa chaka chamawa tidzaonera dola, ndipo kasitomala akalipira usasunge makwachawo, thira float tsiku lomwelo kapena ukangopeza mpata wa forex ku banki.

Phindu pa domain imodzi ndi lochepa, ndisakunamize. Mu 2024 a Verisign anakweza .com kufika madola 10.26, umenewo ndi mtengo umene registrar amagulira, iye aikepo yake, iwe uikepo yako, ukakweza kwambiri munthu angotsegula foni nkuona mtengo wa kunja. Ndalama ili pa kuphatikiza, domain, hosting (malo osungira webusayiti), imelo ya dzina la kampani ndi kusamalira webusayiti, zonse phukusi limodzi, ndipo munthu yemweyo abwerenso chaka chamawa ndi chinacho.

Tsopano chimene ndikufuna uchigwire ndi manja awiri ndi ichi, domain uzilembetsa m'dzina la mwini wake. Pamene palembedwa registrant uike dzina la kasitomala kapena kampani yake, imelo yake, nambala yake, iwe ukhale pa technical contact basi. Ndaonapo anthu akulira, sukulu yonse imelo zili pa domain imene mnyamata wina analembetsa m'dzina lake kenako anapita ku Joni foni osayankha. Usadzachite zimenezo kwa munthu. Akafuna kusamukira kwa registrar wina mpatse auth code yake, kodi yachinsinsi yosamutsira domain, ena amati EPP code, mwaulemu osamuvutitsa, ungomufotokozera kuti domain yatsopano siisamuka mpaka patadutsa masiku 60, limenelo ndi lamulo osati nkhanza zako. Umuuzenso kuti ikabwera imelo yoti atsimikize adiresi yake adine msanga, akaisiya domain imaimitsidwa.

Za renewal ndikuuze zimene zinandionekera ine. Ndinali ndi kasitomala wa loji ina kunyanja, tsiku lothera domain yake linadutsa ine osaona chifukwa zikumbutso zimapita ku imelo imene ndinasiya kutsegula. Mayi aja anandiimbira m'mawa mawu akunjenjemera, akuti alendo akutumiza ma booking imelo zikubwerera, webusayiti ikuonetsa tsamba la malonda la registrar. Mwayi unali woti tinali tidakali m'masiku achisomo amene amakupatsa domain ikangotha, ndinalipira mtengo wamba domain nkubwerera tsiku lomwelo, koma ma booking a masiku amenewo anapita ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ukachedwa kupitirira apo imalowa mu redemption, masiku 30, kuiombola kwake ndi ndalama zambiri kuposa mtengo wa domain, kenako masiku 5 ikudikira kufufutidwa, ikatero aliyense atha kuigula. Ndiye tsegula Excel lero lomwe, dzina la domain, mwini wake, nambala, tsiku lothera, uziwakumbutsa pa WhatsApp kutatsala miyezi iwiri, kenako mwezi, kenako sabata. Amene ali ndi ndalama alimbikitse alipiriretu zaka zingapo, .com imalola mpaka zaka 10. WHMCS, pulogalamu ija imatumiza yokha ma invoice nkulembetsa yokha, udzaigule makasitomala akachuluka, imalipiridwa mwezi ndi mwezi ndiye panopa ingokudyera phindu.

Ena adzakufunsa za .mw, makamaka mabungwe ndi masukulu. Imeneyo siidutsa kwa Verisign, kaundula wake ali konkuno kwa a Malawi SDNP, ndiye ulankhule nawo mwachindunji umve ndondomeko ndi mitengo yawo usanalonjeze munthu.

China, akaunti ya reseller ija uike pasiwedi yolimba ndi 2FA pa foni, kodi yachiwiri ija imafunika polowa, ndipo usamalowe pa kompyuta za mu cafe, chifukwa wakuba akalowa mmenemo watenga ma domain a makasitomala ako onse nthawi imodzi. Loweruka ubwere kunyumba ndi laputopu, chiphaso ndi khadi yako ya ku banki, ufunsiretu ngati anaitsegulira zolipira pa intaneti, tidzatsegule akaunti limodzi tiyambe ndi domain yako yomwe.