Mukupita Kunja? Zida Zoti Mutenge, Zoti Musiye, ndi Bodza la Adaputa

Amisiri anzanga, takulandirani. Kaya mukuonera muli ku Mchesi pakati pa matabwa, kaya ku Biwi manja ali bii ndi oyilo, khalani pompo. Funso la lero limabwera kawirikawiri m'mauthenga anu: mwayi wa kunja wapezeka, pasipoti yatuluka, nanga zida zanga nditenge ziti? Ndili ndi mfundo zisanu, koma yachitatu ndi imene yandiyatsitsa kamera, chifukwa pali bodza limene likuwotchetsa zida za anthu. Dinani subscribe ndi kabelu kaja, tiyambe.

Choyamba, sikelo. Pa ndege zambiri zonyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, chikwama chimodzi chimaloledwa makilogalamu 23. Kuchuluka kwa zikwama onani pa tikiti yanu. Pa basi ya ku Johannesburg, yodzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, katundu wopitirira muyezo mumalipiranso. Ndiye hamala, fosholo, jeke, zonse zolemera koma zotchipa, zisiyeni. Kumene mukupitako ziliko.

Chachiwiri, tengani zing'onozing'ono, zodula, zimene dzanja lanu linazolowera. Kalipentala, matchizulo anu abwino, puleni ndi mwala wonolera. Wamagetsi, multimeter ndi mapulayala. Atelala, sizasi yanu yodulira nsalu, koma mutu wa makina opalasa aja umadya makilo ambiri, ganizani kawiri. Amakaniko, mvetserani: ife tinazolowera magalimoto a ku Japan, sipanala 10, 12, 14, 17. Kumene kwachuluka magalimoto a ku Ulaya ngati Volkswagen mudzafuna 13 ndi Torx, ija ya mutu wa nyenyezi. Ku America muyezo wa inchi ukadali wamoyo, ndiye tengani tepi yolembedwa mbali zonse ziwiri. Tapita.

Chachitatu. Apa ndiye sindithamanga.

Mukapita ku Malangalanga kukafunsa kuti grinder yanga ikagwira ntchito kunja, padzapezeka munthu wokuuzani kuti "mungogula adaputa, basi." Abale anga, ili ndi bodza, ndipo limandipweteka chifukwa munthu amasunga ndalama miyezi kuti agule chida chimenecho. Adaputa mulibe chilichonse chosintha mphamvu ya magetsi. Itsekuleni muone: tizitsulo tolumikiza miyendo ya pulagi yanu ndi mabowo a soketi ya kwa eni ake. Ili ngati kacholumikizira paipi ku mpopi, madzi akabwera amphamvu amadutsa amphamvu, akabwera ofooka amadutsa ofooka.

Magetsi athu a ESCOM ndi 230V, 50Hz, pulagi ya miyendo itatu yamakona. Ku America ndi Canada ndi 120V, 60Hz. Ku Japan ndi 100V. Mukatenga grinder ya kuno n'kukaiika pa 120V kudzera pa adaputa, izungulira mofooka, mukaikanikiza pa chitsulo iima, mota n'kumatentha. Zotenthetsa ndiye zimaonekeratu. Soldering iron kapena ayironi ya kuno ikalandira theka la voltage, nambala ya V ija, imatulutsa pafupifupi kotala chabe la kutentha kwake, chifukwa voltage ikatsika ndi theka, mphamvu imatsika kanayi. Mukatembenuza ndiye zoopsa. M'bale wakutumizirani drill ya 120V kuchokera ku America, mwaiika pakhoma ku Kawale ndi adaputa: mphamvu yochuluka pafupifupi kanayi ikulowa m'chida chimene sichinapangidwire zimenezo. Phokoso lachilendo, fungo la waya wopsa, utsi, zatha. Amene zinakuchitikiranipo lembani m'munsimu, anzanu amve kuti sindikupeka.

Wina anena kuti, "Koma foni yanga ndinatchaja ku America ndi adaputa yomweyo, sinapse." Zoona. Tembenuzani tchaja yanuyo muwerenge tizilembo tating'ono. Palembedwa kuti Input 100-240V, 50/60Hz. Tchaja ya foni ndi ya laputopu inapangidwa kuti izilandira magetsi a dziko lililonse, ndiye imene yagwira ntchito ndi tchajayo, adaputa yangolumikiza. Apa ndi pamene bodzali linabadwira. Munthu waona foni yatheka, akuganiza kuti grinder ithekanso. Ndipo chenjerani, matchaja ambiri a mabatire a drill sali ngati a foni. Ambiri amalembedwa 220-240V basi. Imitsani vidiyoyi pompano, katengeni tchaja yanu, muwerenge. Ndikudikirani.

Wina akuti, "Ndigula thiransifoma." Iyo imasinthadi voltage, sindikukana. Koma grinder yaing'ono ya ma watt 900 imakoka magetsi ochuluka poyamba kuzungulira, choncho thiransifoma iyenera kukhala yaikulu kuposa nambala imeneyo, ndipo yoteroyo ndi chitsulo cholemera chimene muzinyamula tsiku lililonse popita kuntchito. Komanso thiransifoma sisintha Hz. Hz ndi kangati magetsi amapita n'kubwerera pa sekondi: a kuno ka 50, a ku America ka 60. Mota ya kompresa kapena ya grinder ya patebulo imatsatira nambala imeneyi, ndiye pa 60Hz imathamanga kwambiri ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ometa tsitsi, inu ndiye izi zikukukhudzani kwambiri: makina ometera a waya, aja onjenjemera, anawachunira Hz imodzi. Mukawasinthira dziko amalira mosokosa ndipo sameta bwino, ngakhale voltage mwaikonza. Inde, ku America kuli masoketi a 240V a chitofu ndi makina oumitsira zovala, koma simudzawapeza paliponse pamene mukufuna kubowola khoma.

Tsono ku South Africa nkhani ndi yabwino. Magetsi ndi 230V, 50Hz, ofanana ndi athu. Chosiyana ndi pulagi, kumeneko yofala ndi ya miyendo itatu yobulungira ikuluikulu. Ngakhale pamenepo, adaputa musaidalire. Zotchipa zambiri zimagwira molobodoka, zimatentha chida chikamakoka magetsi ambiri, ndipo zina sizilumikiza waya wa earth, amene amakutetezani chida chikayamba kugwira shoko. Chotsani pulagi ya kuno, mumange ya komweko. Ngati simudziwa mawaya, wamagetsi akuchitirani mwachangu.

Ku UK ndi ku Ireland pulagi ndi yomweyi yathu, magetsi ndi omwewa. Mukuti ndiye zatheka? M'nyumba, eya. Koma pa malo ambiri omanga kumeneko zida za waya zimayendera 110V, mapulagi ake achikasu obulungira, pofuna kuchepetsa ngozi ya shoko. Drill yanu ya 230V kapitawo akhoza kuikaniza pageti. Mwanyamula makilo onsewo kuchokera ku Area 25 kuti chida chikagone pansi pa bedi.

Choncho pa zida za waya ndikunena motere: South Africa, Zambia, Kenya, tengani ngati chidacho ndi chenicheni ndipo chikadali champhamvu. America, Canada, Japan, musatenge n'chimodzi chomwe. Gulitsani kuno, ndalamayo ikagule cha komweko. Ngati muli ndi m'bale amene akulongedza katundu sabata ino, mutumizireni vidiyoyi pa WhatsApp asanatseke chikwama.

Chachinayi, mabatire pa ndege. Mabatire a lithium amene sali m'chida saloledwa m'chikwama chopita pansi pa ndege. Amayenda nanu m'chikwama cha m'manja, tizitsulo take mutamata tepi kuti tisakhudzane ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Malire ake ndi 100Wh. Kuwerengera kwake n'kosavuta, ma volt kuchulukitsa ndi Ah, manambala olembedwa pa batirepo. Batire ya 18V, 5Ah ndi 90Wh, ikudutsa. Ya 18V, 6Ah ndi 108Wh, imeneyo muyambe mwapempha chilolezo ku kampani ya ndege, ndipo zotere amalola ziwiri zokha. Yopitirira 160Wh sikwera. Drill yeniyeniyo, matchizulo, masikuludiraiva, sizasi, zonse zakuthwa zipite m'chikwama cha pansi, apo ayi azikulandani pofufuza. Chilichonse chimene munalowapo petulo kapena gasi, jenereta, blowlamp, chisiyeni. Opita ku Australia kapena New Zealand, tsukani zida zisakhale ndi dothi, ndipo za mipini yamtengo muzinene pofika, kumeneko amafufuza kwambiri zimenezi.

Chachisanu sichilemera n'komwe: mapepala. Satifiketi yanu ya TEVETA kapena ya Trade Test, makalata a kumene munagwirako ntchito, ndi zithunzi za ntchito zanu, mageti amene munawotcherera, makabati amene munakhoma. Jambulani zonse musunge pa imelo, foni ikhoza kutayika panjira. Ku South Africa mapepala a maphunziro akunja amawunikidwa ndi bungwe la SAQA. Ku UK malo ambiri omanga amafuna khadi la CSCS, losonyeza kuti munaphunzira ntchitoyo ndi za chitetezo, musanalowe. Ndipo funsani abwana amene akukulembani ntchito ngati zida amapereka okha, chifukwa makampani ambiri amatero, mwina mukuvutika n'kulongedza zinthu zimene zikukudikirani kale.

Nanga makina owotcherera, kompresa ndi zina zazikulu zotsala? Kugulitsa kapena kusiyira m'bale kuti azigwiritsa ntchito, imeneyo ndi nkhani yokhudza mabanja, ndipo ndiikamba payokha mu vidiyo yotsatira, pamodzi ndi momwe mungalembere kapangano kake. Pakadali pano ndilembereni m'munsimu dziko limene mukupita, ntchito yanu, ndi zimene zalembedwa pa chida chanu pamzere wa Input. Ndiyankha mmodzimmodzi. Zikomo, tionana.