Makalata a Omvera: Wophunzira ali kunyumba, fizi aipeza kuti?

Mwaswera bwanji omvera nonse? Makalata a sabata ino ambiri akulira chinthu chimodzi, fizi ya anthu ophunzira ali kwawo, aja timati a ODL. Ndasankhapo atatu. Yoyamba yachokera ku Ntchisi, kwa aphunzitsi a pulayimale.

"Achimwene, ndaphunzitsa sitandade 6 kwa zaka 9. Chaka chino ndasankhidwa kuchita digiri ya uphunzitsi kudzera mu ODL. Kalata itafika nyumba yonse tinavina, koma nditaona fizi nkhongono zinazizira. Ndili ndi ana atatu, wamkulu ali fomu 2. Anzanga ena akuti ngongole ya boma ndi ya ana ogonera pasukulu okha, ena akuti ifenso tikhoza kupempha. Zoona ndi ziti? Ndikapanda kuipeza ndilowera kuti?"

Aphunzitsi, poyamba ndikuwombereni m'manja. Ngongole mukunenayo imachokera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Chaka chilichonse limatulutsa chilengezo chonena amene ali oyenera kupempha, zikalata zofunika ndi tsiku lotsekera. Yankho lanu lili m'chilengezo cha chaka chino, osati m'nkhani za pansi pa mtengo wa mango nthawi ya buleki. Chiwerengeni nokha, kenako muimbire ofesi yoona za ophunzira pa yunivesite yanu. Dziwaninso kuti ndalamazo amapereka kwa ovutikitsitsa, opempha amachuluka, ndipo inu muli pa malipiro ngakhale ndi ochepa. Pemphani ndithu ngati chilengezo chikukulolani, koma musaike mtima wonse pamenepo. Ndipo ndi ngongole, si mphatso. Bungweli limatsata anthu mpaka kuntchito n'kumawadula pa malipiro.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si fizi yolembedwa pakalatayo ayi. Ophunzira a ODL ambiri amagwa ndi tindalama tosalembedwa paliponse. Kuli thiransipoti yopita kokakumana ndi aphunzitsi ndi kokalemba mayeso, malo ogona ndi chakudya masabata amenewo, bandulo ya intaneti, kupulinta manotsi, ngakhale kutchajitsa foni ngati kwanuko magetsi sanafike. Khalani pansi ndi akunyumba, mulembe zonsezi za semesita imodzi musanabwereke khobidi lililonse. Ngati yunivesite yanu ndi Mzuni, funsani zimene mungachitire ku nthambi yawo ya ku Lilongwe, chifukwa anatsegula nthambi kumeneko, ku Karonga, ku Balaka ndi ku Mulanje kuti anthu asamathere ndalama panjira.

Funsaninso ngati amalola kulipira pang'onopang'ono, ndipo akavomera akulembereni. Ngati muli mu SACCO, ngongole ya sukulu kumeneko ili ndi chiwongoladzanja chopepuka kuposa cha katapila. Katapila yekhayo ndikukanizani, mudzamaliza digiri njinga ndi malata zitapita. Ku Ntchisi kwanuko soya ndi mtedza zimachita bwino. Patulani ndime imodzi muitche ya fizi, ndipo aliyense pakhomo adziwe kuti ndalama ya ndime imeneyo sigula ndiwo.

Yachiwiri ndi yaifupi, ya mtsikana wa ku Balaka amene analemba MSCE chaka chatha.

"Malume, pa gulu lina la WhatsApp anaika uthenga woti bungwe lakunja likulipirira ophunzira a pa intaneti, ndi laputopu yomwe. Anati nditumize K15,000 yolembetsera pafoni. Ndinagulitsa nkhuku zitatu za amayi n'kutumiza. Tsopano nambala ija sikupezeka. Ndidikirebe?"

Mwanangu, usadikire, akuberatu amenewo. Wofuna kukulipirira sukulu sayamba ndi kukupempha ndalama pa nambala ya munthu. Tenga mauthenga onse ukaonetse kupolisi ndi ku kampani ya foni yako, ndipo uchenjeze anzako pa gulu lomwelo lero. Amayi uwauze zoona, nkhuku zimaswana. Ulendo wina ukamva za sukulu ya ukachenjede iliyonse ya m'dziko muno, yamba waona ngati ili pa mndandanda wa National Council for Higher Education, chifukwa pepala la sukulu yosavomerezeka silikupezetsa ntchito ngakhale utalipira fizi yonse.

Yomaliza yachokera ku Johannesburg, kwa mayi amene amatimvera pa intaneti.

"Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni. Ndikufuna kuphunzira za bizinesi madzulo ndikaweruka. Mwana wa abwana anga anandiuza za UNISA ndi NSFAS, mnzanga wina akuti ku America kuli yunivesite yaulere ya pa intaneti. Ndigwire iti?"

Achemwali, ya NSFAS ichotseni m'mutu. Thandizo limenelo boma la South Africa linaikira anthu ake, ndipo inu ndi pasipoti ya Malawi simulowamo. UNISA yokhayo, yunivesite ya ku South Africa yophunzitsa anthu ali kwawo, imalandira anthu akunja, ndipo ubwino wake ndi woti mumalipira malinga ndi maphunziro amene mwatenga. Mukhoza kuyamba ndi ochepa, thumba likalola n'kuwonjezera. Ulendo umatalika koma simumira. Musanalipire kanthu, afunseni ngati satifiketi yanu ya MSCE ikukwanira pa kosi mukufunayo, chifukwa mapepala ochokera kunja amayamba awunikidwa kaye.

Ya ku America mnzanuyo akunena ndi University of the People. Ilipodi, koma mawu oti yaulere muwamve bwino. Salipiritsa fizi yophunzitsira, koma pali ndalama yolembetsera, ndiponso phunziro lililonse lili ndi ndalama ya mayeso yopitirira madola 100. Digiri yonse ikamatha zimakhala zakwana madola masauzande angapo. Ali ndi thandizo la osowa lomwe mumapempha mukalandiridwa, ndipo pamenepo lembani moyo wanu momwe ulili, osakometsera. Inu amene mumalandira ma randi muli pabwinoko. Omvera a kuno kumudzi akumbukire kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kupeza madola kubanki ndi nkhondo ina payokha.

Amene muli kale ndi digiri yoyamba, ku Britain kuli Commonwealth Distance Learning Scholarships, yolipirira masters munthu ali kwawo akugwira ntchito, ndipo Amalawi amaloledwa kupempha. Aphunzitsi a ku Ntchisi, imeneyo isungeni, idzakhala yanu mukamaliza iyi.

Nthawi yatithera. Kalata ya abambo a ku Mchinji ofunsa ngati agulitse ng'ombe kuti mwana agule laputopu ndaisunga, tidzayamba ndi imeneyo sabata yamawa.