Mawu a M'mawa: Wagona Chete Uja, Kodi Akumva?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo a ku Harare: a ku Mbare, Highfield, Mabvuku ndi Epworth? Tiwerenge 1 Samueli 16:7: "munthu ayang'ana chooneka ndi maso, koma Yehova ayang'ana mumtima."

M'bale wathu akavulala m'mutu pangozi ya kombi n'kugonekedwa ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Gomo, anamwino amayeza kuti watsitsimuka kufika pati. Muyeso wake ndi Glasgow Coma Scale, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anautulutsa mu 1974. Kutsegula maso kumapatsidwa mapointi 1 mpaka 4, kulankhula 1 mpaka 5, kusuntha thupi 1 mpaka 6. Amayamba n'kumuitana dzina. Akapanda kuyankha, amamukanikiza pachikhadabo kapena paphewa. Wabwinobwino amapeza 15, wokomokeratu 3. Zikafika pa 8 kapena kutsika, masanzi kapena lilime zitha kutseka njira ya mpweya, ndiye chonde musamumwetse madzi kapena phala, ngakhale milomo itauma.

Nambalayi nthawi zina imasokeretsa. Maso otupa satseguka, ndipo wokhala ndi chubu pakhosi salankhula. Mowa, mankhwala ogonetsa ndi kutsika kwa shuga zimatsitsanso mapointi. Palinso chathu cha kuno: agogo amene anayamwira Chichewa akafunsidwa m'Chingerezi kapena m'Chishona angaoneke ngati asokonezeka mutu, pamene funso lenilenilo silinawafike. Auzeni anamwino chilankhulo chawo msanga.

Chachikulu n'chakuti muyesowu umawerenga mayankho, osati zimene munthu akumva m'kati. Mu 2006, Adrian Owen ndi akatswiri anzake ku Cambridge analengeza kuti anaika m'makina a fMRI (ojambula mmene ubongo ukugwirira ntchito) mtsikana wa zaka 23 amene sankayankha chilichonse chichitikireni ngozi ya pamsewu. Atamuuza kuti aganize ngati akusewera tenisi, ubongo wake unachita monga wa munthu wathanzi. Si odwala onse otere amene amamva, ayi, koma inu pambali pa bedi simungadziwe kuti ndi uti.

Choncho nkhani za maliro ndi za nyumba kakambiraneni panja. Mukalowa, tchulani dzina lanu, mugwireni dzanja, muuzeni tsiku ndi kumene ali, kenako muimbireni chapansipansi nyimbo imene amaikonda kutchalitchi.

Tipemphere. Atate, pamene odwala athu asowa mawu, Mzimu wanu awapempherere ndi zobuula zosatheka kuneneka, monga mwa Aroma 8:26. Limbikitsaninso anamwino amene achezera usiku wonse. Amen.