Kwaya ikayimba yokha, yalephera ntchito

Akhristu anzanga, amene mwaima pakhomo lowani mukhale pansi, sinditalikitsa. Komiti ya liturgia, yoona za mwambo wa mapemphero, yandituma kuti tikambirane za Lamulungu lathali. Kwaya yathu inapita ku ukwati ku parishi ina, galimoto n'kuwafera panjira, ndipo Misa yachiwiri inayamba iwo kulibe. Bambo mfumu atafika pa Woyera Woyera, tchalitchi chonse zii! Anatiwombola ndi amayi awiri akumbuyo uko ndi ana a Tilitonse, gulu la ana la mumpingo muno. Tchalitchi chodzaza, koma pemphero limene takhala tikulimva chibatizidwire linatikanika. Ena mukuti kwaya inatichititsa manyazi. Manyaziwo tigawane, chifukwa aonetsa kuti tinazolowera kuonerera. Mvetsani bwino: kwaya ikayimba yokha, yalephera ntchito.

Makolo athu sanali ndi mwayi tili nawowu. Ansembe a Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, Misa inkachitika m'Chilatini. Agogo ankagwada n'kumapemphera korona, wansembe akunena zake kuguwa. Zinasintha ndi Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, wa Papa ndi maepiskopi a dziko lonse lapansi, wa 1962 mpaka 1965. Chikalata chake cha liturgia, cha pa 4 Disembala 1963, chinanena zinthu ziwiri pamodzi: makwaya alimbikitsidwe, koma mpingo wonse uzitengapo mbali pa kuyimba. Chinanenanso kuti mayimbidwe a mitundu ya anthu, makamaka kumayiko a mishoni, apatsidwe ulemu. Ng'oma ndi maseche mukuzimvazi zinalowera khomo limenelo. Zinalowa kuti iwe ndi ine titsegule pakamwa m'chinenero chathu.

Musamve ngati ndikunyoza kwaya, ayi. Anthu awa salipidwa. Ena amachokera kumunda kapena kumsika n'kubwera ku pulakatisi asanadye. Maliro akagwa m'mphakati mwanu, amachezera pa siwa usiku wonse ndani? Ndi iwowa, m'nyengo yozizira ya Juni, inu mutafunda kunyumba. Mawu ambiri a m'Baibulo amene ana athu amawadziwa pamtima anawatola m'nyimbo, osati kwa ine. Ndiye inu amene mumafika Misa ili pa Uthenga Wabwino, kenako n'kutulutsa foni kujambula kwaya ngati muli ku konsati, dzifunseni munabwerera chiyani.

Koma a kwaya nanunso tcherani khutu. Nyimbo zatsopano sabata iliyonse, anthu azitsatira bwanji? Ulemu kwa Mulungu ndi pemphero la Mpingo, mawu ake sitisintha kapena kuikapo nyimbo ina chifukwa choti ili ndi kavinidwe kabwino. Salimo ndi Mawu a Mulungu, si mpata woti muyimbe imene mwaikonda. Chopereka chatha, bambo aima kuguwa akudikira, inu mukubwerezabe kolasi. Nthawi ya ulaliki ndimakuonani, mitu pamodzi, kunong'onezana za nyimbo yotsatira. Ndipo alipo ena, sinditchula mayina, amene sabata imene si yawo yoyimba sitiwaona n'komwe kutchalitchi. Kodi munabatizidwira kwaya? Ndibwereze: kwaya ikayimba yokha, yalephera ntchito.

Eya achimwene, dzanja ndaliona, nenani.

(Mnyamata wa m'kwaya: "A katekisiti, tikamayimba zakale zokhazokha achinyamata akuthawira ku mipingo ina kumene kuli magitala ndi zokuzira mawu. Ndiye titani?")

Funso limenelo ndi lenileni, ndipo mwachita bwino kulifunsira pano. Palibe amene waletsa nyimbo zatsopano. Zimene tikuzitcha zakalezi zinalinso zatsopano tsiku lina, ndipo wina anazipeka. Nkhani ndi yakuti mwaipeka kuti ayimbe ndani. Ngati kolasi yake agogo awa angaigwire atangoimva kawiri, bweretsani. Ngati ikufuna mawu anayi ophunzitsidwa mwezi wathunthu, ili ndi malo ake: chikondwerero cha Cecilia Woyera, nkhoswe ya oyimba, pa 22 Novembala, kapena mpikisano wa makwaya, kapena muijambule tiimvere pa Radio Maria. Ngakhale m'Misa momwemo mpata ulipo woti kwaya iyimbe ndime anthu n'kumayankha kolasi.

Vutoli silinayambe ndi kiyibodi yanu. Mu 1903 Papa Pius X analemba kudzudzula nyimbo za ngati za m'nyumba za zisudzo zimene zinalowa m'matchalitchi, oyimba n'kumaonetsa luso anthu akungomvera. Zaka zoposa 100 zapitazo, ku Italy, nkhani yomweyi. Tsono za achinyamata: amene wakhala chifukwa cha kugunda kwa sipika, tsiku limene adzamve sipika yaikulu kuposa yathu adzapita ndithu, ndipo pa mpikisano umenewo sitingapambane. Koma mwana amene mwamupatsa ng'oma, mwamuphunzitsa kuyimba Salimo pamaso pa anthu, ameneyo wapeza malo ake. Nyimbo ili ngati mtondo wa pamudzi: ikoma akamalandizana munsi, osati mmodzi kusinja ena atapinda manja. Aitaneni alowe, musangowasangalatsa.

Ndikuona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa, ndithamange. Nyimbo yatsopano imodzi basi pa mwezi, ndipo muiphunzitse anthu mphindi khumi Misa isanayambe. Ambuye Mutichitire Chifundo, Woyera Woyera ndi Mwanawankhosa zikhale za mayimbidwe odziwika kwa aliyense. Sankhani nyimbo mutawerenga kaye mawu a tsikulo. Mu Adventi ndi mu Lenti, Lamulungu sitiyimba Ulemu kwa Mulungu, mu Lenti palibe Aleluya, ndipo kiyibodi ingothandizira mawu. Tikalandira Ukaristia, siyani kamphindi ka chete. Wa kiyibodi, tsitsa voliyumu, anthu azidzimva okha. Mphakati uliwonse usankhe anthu awiri otha kuyambitsa nyimbo kwaya ikasowa. Kwaya ikayimba yokha, yalephera ntchito, ndipo mpingo ukangoonerera walepheranso.

Azibambo, besi yatsala ndi anthu atatu okha, musandiuze kuti mulibe mawu, ku mpira timakumvani. Pulakatisi ndi Lachinayi 4 koloko. Amapando a miphakati tsalani pang'ono mundipatse mayina, enanu imirirani tipemphere.