Makalata Anu: Kodi BP ndi matenda a mabwana okha?

Moni nonse amene mwatchera khutu madzulo ano. Sabata ino makalata ambiri akukamba za mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndiye tisachedwe. Yoyambayi yachokera kwa mayi wina wogulitsa mandasi ku Lilongwe.

"Achimwene, ndine mayi wa ana anayi. Tsiku lina ndinapita ndi mwana kusikelo, a zaumoyo nkunena kuti amayi tonse tiyezetse BP. Poyamba ndinakana. Ndimati amenewo ndi matenda a mabwana odya nyama tsiku ndi tsiku, ife a usipa atipeza bwanji? Atandimanga chija pamkono, makina anaonetsa 168/102. Ndinabwererako kawiri, zili chimodzimodzi. Anandipatsa mapilitsi a mwezi umodzi. Nditapita kukatenga ena anati atha, ndikagule kufamase. Ndalama imeneyo ndi ya ufa wa ana. Ndinangosiya, poti m'thupi simukupweteka paliponse. Kodi ndalakwa?"

Pepani mayi. Kusankha pakati pa ufa ndi mankhwala si chinthu choti kholo lizikumana nacho, ndipo sindikukudzudzulani. Koma ndikupemphani ndi mtima wonse: mawa lomweli bwererani kuchipatala.

Zoti ndi matenda a mabwana zija tizisiye. M'chaka cha 2009, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO anayeza anthu m'dziko muno, napeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 magazi ake amathamanga kwambiri. Akumudzi analimo, am'tauni analimo, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Sankadziwa chifukwa cha chomwe mwanenacho: sipapweteka. BP ikamakhala pa 140/90 kapena kupitirira, mtima umapopa mokakamiza usana ndi usiku mpaka umakula ndi kutopa, impso zimaonongeka pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina mtsempha wa muubongo umatsekeka kapena kuphulika.

Ine ndinaziona pa azakhali anga. Anali munthu wamphamvu, wolima okha munda wonse. M'mawa wina akusonkha moto anagwa chammbali, chipande chili m'manja. Pamene tinkawadzutsa kamwa inali itapotoka, mkono wamanja uli lende. Pamudzi anthu anati amenyedwa hamala ya matsenga, ndipo panatsala pang'ono kuti gogo wina wosalakwa athamangitsidwe. Kuchipatala anati ndi sitiroko. M'kabuku kawo ka chipatala munali molembedwa kuti BP inapezeka yokwera kalekale, koma mankhwala anasiya atamva bwino.

Ndiye mayi, tengani kabuku kanu. Afunseni a dokotala ngati pali mtundu wina wa mankhwala umene ulipo, pakuti a BP si amtundu umodzi: pali HCT, pali amlodipine, pali ena. Musamwe a mnzanu, asankhe ndi a dokotala. Akati onse atha, funsani tsiku lobwera ndi chipatala china cha boma chomwe mungapite. Nkhani ya kutha kwa mankhwalayi ikafikenso kukomiti ya chipatala ya m'dera lanu, chifukwa simuli nokha amene mwabwezedwa.

Pali china chosalira ndalama: mchere. A WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kamene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wonse wa m'ndiwo. Ndiwo zikachepa timathira mchere wambiri kuti nsima itsike, ndikudziwa. Komatu mchere umabisalanso m'makyubu okometsera ndiwo, m'nsomba zoumitsa ndi mchere, ngakhale soda wothira m'therere ali m'gulu lomwelo. Nsomba zamcherezo muziyamba mwaziviika m'madzi. Nkhwani kapena bonongwe wotendera ndi nsinjiro, tomato ndi anyezi, amakoma ndi mchere wochepa. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime limazolowera. Ndipo kambale ka mchere kaja kasamabwerenso pamphasa.

Kalata yachiwiri yandisangalatsa. Yachokera kwa bambo wina, mlembi wa gulu la banki mkhonde m'boma la Zomba.

"Pagulu pathu tataya anthu awiri ndi sitiroko. Tagwirizana kuti pogawana ndalama chaka chino tipatuleko zogulira makina oyezera BP, tiziyezana tsiku lililonse la msonkhano. Kodi nzololedwa, ife osaphunzira za chipatala?"

Bambo, gulani, ndipo Mulungu adalitse gulu lanu. Sankhani makina omanga pamwamba pa chigongono, osati a padzanja, ndipo musaiwale kusunga ya mabatire. Musanayambe, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, a HSA aja, adzakuphunzitseni. Woyezedwa akhale pansi mphindi 5 atatsamira, mkono uli patebulo, osalankhula. Lembani manambala m'kope. Ntchito yanu ndi kupeza ndi kutumiza, kupereka mankhwala ayi. Amene wapitirira 140/90 apite kuchipatala akatsimikize. Amene wafika 180/110, kapena akumva kupweteka pachifuwa, mutu waukulu, dzanzi mbali imodzi ya thupi, apite tsiku lomwelo, wina amuperekeze. Mayi woyembekezera akangofika 140/90 asagone nazo.

Zimene mukuyambazi zili ndi chitsanzo. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lakhala likugwira ntchito ndi boma kumeneko kuyambira 2007, linaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya BP, shuga ndi matenda ena okhalitsa, kuti munthu asayende maulendo awiri. Anthu a m'midzi momwemo anaphunzitsidwa kuyendera makomo, kukumbutsa odwala za tsiku la kiliniki ndi kulondola amene wasowa. Inunso muzitero: amene mwamutumiza, msonkhano wotsatira mumufunse ngati anapitadi.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa agogo ena ku Nkhotakota. Akuti mdzukulu wawo wa zaka 9 amadwala zilonda zapakhosi kawirikawiri, ndipo tsopano akumva kupweteka m'mawondo ndi m'zigongono, akathamanga pang'ono akupuma mwawefuwefu.

Agogo, musadikire sabata yamawa. Pali tizilombo tina toyambitsa zilonda zapakhosi timene, tikapanda kuchizidwa ndi penisilini, thupi polimbana nato limaononga zitseko za mkati mwa mtima. Matendawa amakonda ana a zaka 5 mpaka 15, makamaka kumene anthu amagona mothithikana m'chipinda chimodzi. Sindinganene pano pawailesi kuti ndi amenewa, koma zizindikiro mwatchulazi zikufunika dokotala amumvetsere pachifuwa. Mukawafotokozere zonse zitatu: pakhosi, mfundo za mafupa ndi kapumidwe. Akapeza kuti ndi amenewa, mwanayo azibayidwa jakisoni wa penisilini mwezi uliwonse kwa zaka zingapo, ndipo asamadumphe ngakhale akuoneka kuti wachira. Mudzatilemberenso kuti tidziwe mmene mwayendera.

Nthawi yatithera. Kalata ya achimwene a kabaza ofunsa za fodya ndi kachasu ndaisunga, tidzayamba nayo sabata yamawa.